Mkanjo Wonunkha Phula

"Ndiye undiuze, Mrumi iwe, kwanu kutsidyako munthu akavekedwa chovala ndi wamkulu amakachibweza ngati mphika wobwereka?"

Anali amalume anga a Ghalbun, atagwada pansi pa chombo chimene anthu anachikokera pamtunda. Dzanja lina linali ndi nyundo yamtengo, lina likukanikiza zingwe zophwasula m'ming'alu ya matabwa. Sanandicheukire n'komwe. Womata zombo salankhula atadzutsa mutu, poti phula likazizira silidikira munthu.

"Kutsidya munthu akakupulumutsa sumulipira nsalu," ndinatero. "Komanso si kwathu kumeneko, amalume. Kwathu ndi kuno."

"Kuno? Ndi kachipewa kakoko?" Ameneyu anali Shabib, mnzawo wa amalume, akutakasa phula mumphika waukulu. Kenako ananditchula dzina langa. "Zurara, ukatopa nako undipatse, nkhuku yanga ikusowa poikira."

Anthu a padoko anaseka. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Amalfi, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kumene ndinakhala zaka zambiri, poyamba ndikusenza katundu wa amalonda, kenako ndikuwamasulira chinenero. Kumeneko ankanditcha Mwarabu, ndipo agalu awo ankandiuwa. Nditabwerera pachilumba pathu ananditcha Mrumi, dzina limene timatchula nalo anthu a kutsidya lakumpoto, ndipo agalu athu anandiuwanso.

Koma tsiku limenelo sindinapite kudoko kukasekedwa. M'mawa mwake munthu wa ng'oma anali atazungulira msika ndi lamulo la bwanamkubwa watsopano, Uqayl ibn Shaddad: aliyense amene ali ndi mkanjo wokhala ndi dzina la Hudhayl ibn Mirdas, bwanamkubwa wochotsedwayo, abwere nawo pachipata cha linga Lachisanu, swala ya kumzikiti ikatha, adzausiye pamenepo. Wobisa adzalawa chikoti, ndipo ngati amadya za padoko asadzapondeponso. Doko ndi la bwanamkubwa, phula ndi lake, nyundo imene amalume anagwira ndi yakenso.

Amalume anali nawo mkanjo wotero, ndipo anali atanena kale kuti adzaikidwa nawo m'manda.

Muwadziwe kaye munthuyu. Anabadwira kumtunda, kutali ndi chilumba chino, kumudzi wa anthu owotcha phula, ndipo analowa m'zombo za nkhondo ndevu zisanamere, poti kwawo kunali njala. Ankapalasa. Wopalasa sawona kumene akupita, amangowona msana wa mnzake. Chaka chimene mfumu ya kumtunda inatuma Hudhayl kuti adzalande chilumba chino, amalume anali m'chombo cha mtsogoleriyo. Atafika pafupi ndi gombe, kabwato kotsitsa Hudhayl kanagubuduzika ndi mafunde. Munthu atavala malaya achitsulo sasambira, amangotsika ngati nangula. Akuluakulu ake onse anaima m'chombo n'kumafuula dzina la Mulungu. Amalume anataya nkhafi, n'kudumphira. Anamupeza pansi, anamubereka, n'kuyenda naye mpaka pamchenga, mivi ikugwa. Umodzi unawalasa m'ntchafu, n'chifukwa chake mpaka lero amakoka mwendo wamanzere.

Linga litagwa, Hudhayl anakhala pampando pabwalo n'kuitana amene anachita zamphamvu. Kwa aliyense funso linali limodzi: "Ukufuna chiyani?"

Kwathu funso limeneli siliyankhidwa. Wamkulu akakufunsa chotero, kutchula chinthu n'kumunyoza, ngati kuti iye sadziwa kupatsa. Umaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Moyo wanu utalike, mbuyanga, kapolo wanu sasowa kanthu." Ndiye wamkuluyo, poti anafunsa kale kumbali, amakupatsa chimene mtima wako ukufuna, ulemu n'kukhala wa nonse awiri. Ndi mmene amati zimayendera. Msasa wonse unkadziwa chimene amalume ankafuna: kamunda ka pakasupe, kuseri kwa linga, kokhala ndi mitengo ya mandimu. Ankakanena ngakhale pakudya.

Patsogolo pawo panali msilikali wina wa kumapiri, Maksan, munthu wosaleredwa, amene sankadziwa za ulemu. Atafunsidwa anangoti, "Munda wa pakasupe uja." Bwalo linachita manyazi m'malo mwake, ena anaphimba kumaso. Hudhayl anaseka n'kumupatsa. Kenako anabwera amalume, akutsimphina, n'kuyankha monga anaphunzitsidwira. Hudhayl anaimirira, anavula mkanjo wake wa buluu wokhala ndi zilembo za ulusi wofiira m'mikono, n'kuwaveka ndi manja ake. Ng'oma zinalira. Amalume amati tsiku limenelo mwendo sunapweteke.

Ana a Maksan lero ndiwo amagulitsa mandimu pamsika, ali ndi abulu ndi nyumba yamiyala. Azakhali a Rayta, akazi a amalume, sagula mandimu. Nsomba za kwa amalume timadya ndi mchere wokha, ndipo ndinakula ndikuyesa kuti ndi mmene nsomba imadyedwera.

Za Hudhayl anthu adzakuuzani zambiri, ndipo zina n'zowona. Anakweza malinga, anakumba zitsime zosungira madzi a mvula, anamanga mzikiti waukulu, ndipo masiku ake zombo za adani sizinkayandikira. Koma ine ndinakhala kutsidya, ndinawona midzi imene zombo zathu zinkayendera chilimwe chilichonse. Ndinadya mkate m'nyumba ya mayi wina amene ana ake onse anatengedwa ndi zombo zomatidwa bwino, zosalowa madzi. Sindinamuuze amene ankazimata. Ndipo zombo zomwezo zinkadyanso athu. Unays, mwana mmodzi yekha wa amalume, anapita kukapalasa chilimwe china, sanabwere. Anamuponya m'nyanja. Bwanamkubwa anatumiza nkhosa yowonda, ndipo amalume anavala mkanjo kukathokoza.

Chaka ndi chaka pa Idi ankausolola m'bokosi, n'kukaima nawo pamzere wa opereka moni. Hudhayl akafika pa iwo ankati, "Aa, bulu wanga wa m'nyanja! Msana udakalimba?" Akuluakulu n'kuseka, amalume n'kuseka nawo, akafika kunyumba n'kumabwereza mawuwo ngati apatsidwa ng'ombe. Ndili mwana ndinkanyadira. Nditakula zinkandinyansa, ndipo mwina n'chimodzi mwa zimene zinandikweza chombo cha amalonda.

Mapeto a Hudhayl anali a onse otere. Mphamvu zake zinakula kwambiri, mfumu ya kumtunda inayamba kumuwopa, inatumiza Uqayl ndi zombo zambiri. Akuluakulu omwe aja ankaseka nthabwala zake ndiwo anatsegula chipata. Anamutsitsira kudoko ali m'maunyolo, ndevu zitayera, n'kumukweza chombo chimene amalume anali atangomaliza kumata. Shabib amati amalume anachizungulira chombocho kawiri akupapasa ming'alu, kuwopa kuti mbuye wawo anganyowe popita kundende. Patapita miyezi tinamva kuti anafera komweko, ndipo palibe akudziwa manda ake.

Tsiku la ng'oma lija ndinawatsata amalume mpaka kunyumba. Azakhali anali atayala kale mphasa, mkate wa balere ndi nyemba, koma palibe anatambasula dzanja.

"Bambo a Unays," anatero azakhali, "ine ndakalamba. Mukachotsedwa padoko tidzadya mkanjo? Tidzauphika ndi chiyani, ndi mandimu?"

"Mkazi iwe, mandimu alowa bwanji apa?"

"Analowa kalekale. Ine ndi amene sindinawawone."

Ndinatsegula bokosi ndekha, chinthu chimene palibe ankachita m'nyumbamo. Mkanjowo unali utafwifwa, ndipo ngakhale ankausunga ndi masamba onunkhira, unkanunkha phula, poti zonse za amalume zimanunkha phula. Ndinatambasula mkono wake.

"Mukudziwa zimene zinalembedwa apa, amalume? Ndikuwerengereni. Madalitso ndi chipambano kwa Hudhayl ibn Mirdas. Basi. Dzina lanu mulibe. Munthu ameneyu anakuvekani dzina lake ngati mmene amadindira bulu, inu n'kumavina."

"Langa ndimalidziwa, silifuna kulembedwa."

"Anakumanani munda akudziwa! Anakudyerani Unays! Munthu wake anafa, sakukuwonani. Mukufuna kukwapulidwa pamsinkhu wanuwu chifukwa cha nsanza ya munthu amene sankadziwa n'komwe dzina lanu?"

Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Ananyema mkate pang'onopang'ono, osadya.

"Mphwanga, waphunzira zinenero zambiri koma sumva. Ukuyesa sindidziwa kuti Hudhayl anali munthu wotani? Ndinamubereka ine. Ankalira pamsana panga ngati khanda, anandisanzira m'khosi. Ine sindinavuule bwanamkubwa, ndinavuula munthu amene ankamira. Moyo wanga wonse ndapalasa kopita ena, ndamata zombo zokawotcha midzi ya eni. Chinthu chimodzi chokha ndinachita ndekha, wosatumidwa. Angelo aja ofunsa wakufa za ntchito zake akadzabwera m'manda, ine pakamwa sindithwa, ndidzachita chibwibwi. Ndiye ndidzangowalozera nsaluyi."

"Mulungu safuna mboni ya nsalu."

"Mulungu ayi. Ine ndi amene ndikuifuna."

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa. Ndinawauza kuti tiubise kwa Shabib. Anati anthu onse a chilumba anawawona nawo pa Idi iliyonse. Ndinati tikwere chombo tonse atatu, ku Amalfi amisiri a zombo amafunika. Azakhali anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ndikasiye nyanja imene muli mwana wanga, ndikakhale kwa anthu odya nkhumba? Idya nyemba, Mrumi iwe."

Lachisanu amalume anasamba, anapaka mafuta m'ndevu, n'kuvala mkanjowo. Sanaupinde m'manja ngati ena onse. Anapita nawo kumzikiti atauvala, anthu akuwapatuka ngati ali ndi khate. Swala itatha tinakwera kulinga, iwo patsogolo akukoka mwendo, ine pambuyo ndi Shabib, amene tsiku limenelo nthabwala zinamuthera.

Pachipata panali mulu wa mikanjo. Sindinkadziwa kuti Hudhayl anaveka anthu ochuluka chotere: oweruza, alembi, oyimba, ngakhale wometa wake. Onse ankaponya msangamsanga ngati chinthucho chikuwawotcha, ena akulavulira. Pambali panakhala telala wokalamba ndi kampeni, akusomola zilembo m'mikono, poti nsalu zokhazo asilikali ankafuna kugawana.

Mkulu wa alonda anawona amalume. "Mdala, wasokera? Vula."

"Anandiveka ndi manja a bwanamkubwa, mwana wanga. Iwe sungandivule."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati iwe sungandivule. Chikoti chili apocho, msana ndi uwu. Koma ukwapule pamwamba pa nsalu."

Mlondayo anawagwira pakhosi. Ine ndinalumpha, Shabib anandikoka lamba, phokoso linabuka. Ndi phokoso limenelo limene linatulutsa Uqayl. Anali munthu wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wa msinkhu wanga, wa manja osalala, akudya nkhuyu. Wina anamunong'oneza m'khutu. Ndinawona nkhope yake ikusintha, osati ndi chifundo, koma ngati wamalonda amene wawona katundu wotsika mtengo. Khamu linali lalikulu, ndipo bwanamkubwa watsopano amafuna nkhani yabwino yoti anthu akafotokoze kumsika.

"Ndiwe unavuula munthu uja m'madzi?"

"Ndine, mbuyanga."

"Ukanamusiya ukanatipeputsira ntchito." Akuluakulu anaseka, omwe aja, kuseka komwe kuja. "Koma kukhulupirika ndimakukonda, ngakhale kwa galu wa mdani wanga. Musiyeni. Mdala, ukufuna chiyani?"

Funso lomwe lija, pabwalo lomwe lija. Akanangoti, ndisiyireni mkanjowu ndi ntchito yanga, munthuyo sakanakana pamaso pa anthu onsewo. Ndinawona amalume akuweramitsa mutu, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera.

"Amalume, tchulani!" ndinakuwa. "Nenani za mkanjo! Tchulani, chonde!"

Bwalo lonse linanditembenukira. Wina anati, "Ndi Mrumi uja, alibe mwambo." Amalume anandiyang'ana kamodzi, diso limene sindinaliwonepo, la munthu amene wavulidwa pagulu ndi mwana wa mlongo wake.

"Khala chete, iwe." Kenako kwa Uqayl, mawu osanjenjemera: "Moyo wanu utalike, mbuyanga. Kapolo wanu sasowa kanthu."

Anthu anang'ung'udza mokondwa. Ndi mmene munthu woleredwa amayankhira. Ndipo Uqayl ankadziwa chimene mkuluyo ankafuna, anali atangochimva ndi makutu ake. Anapatsira wantchito nkhuyu zake, anapukuta zala, anavula mkanjo wake wobiriwira wa silika. Ndi manja ake anawavula amalume mkanjo wa buluu uja, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwana akuvula bambo ake odwala, n'kuuponya pamulu osayang'ana. Kenako anawaveka wobiriwirawo.

"Ubwerere kudoko. Zombo zanga zikufuna manja ngati akowa."

Ng'oma zinalira. Oweruza amene anawapatuka kumzikiti anabwera kudzawapsompsona pamapewa. Mkulu wa alonda yemwe uja anawatcha bambo. Shabib ankalira, akuti, "Mikanjo iwiri, Ghalbun! Abwanamkubwa awiri! Ndani wina pachilumba chino?" Amalume anathokoza aliyense monga kuyenera. Mkanjo watsopanowo unali wautali, unkakwekwereza pansi, ndipo potsika phiri ankaukweza ndi manja onse awiri ngati mkazi wowoloka mtsinje. Mwendo ankaukoka kuposa kale.

Ntchito inapulumuka, msana unapulumuka. Azakhali anayamika Mulungu mokweza, kenako anawona nkhope ya amuna awo n'kusiya. Anapinda silikayo n'kumuika m'bokosi. Amalume anakhala pakhomo, akuyang'ana manja awo.

"Wandichititsa manyazi lero," anatero osandiyang'ana.

"Akuberani kawiri, amalume, ndipo kawiri konse mwathokoza."

"Ndikanatchula, akanandipatsa ngati wopemphetsa."

"Koma mukanakhala nawo!"

Amalume anangoti, "Uwu wobiriwirawu musadzandikulungemo. Sindinachite kanthu kuti ndiulandire. Mudzagule nsalu yoyera wamba."

Ndinatuluka ndisananene zoipa. Ndinkafuna kuswa chinachake: chipata cha linga, mphika wa phula, mitu ya akuluakulu aja, mwambo umene umaphunzitsa wosauka kuti kutsegula pakamwa n'kopanda ulemu pamene wosaleredwa akudya mandimu. Ndinkafunanso kuwagwedeza amalumewo mpaka mano agwe. Ndinayenda mpaka kudoko, ndinayang'ana chombo cha amalonda chimene chinkapakira katundu wopita kumpoto, ndinafunsa tsiku lonyamuka. Kenako miyendo inanditengera kuphiri, kubwerera kulinga.

Dzuwa linali lidakalipo. Khamu linali litabalalika, mulu utatha, asilikali atagawana nsalu. Telala yekha ndiye anatsala, akulongedza. Pamphasa pake panali timipukutu ta ulusi umene anasomola, kalikonse payekha, poti ulusi wa silika sutayidwa, akazi amagula kukongoletsera mipango.

"Agogo, mkanjo wa buluu wofwifwa uja uli kuti?"

"Wa mdala wamakani uja? Wapita ndi msilikali, akuti akayalira hatchi. Ndiwe unakuwa uja eti? Amayi ako ndani, ndikawapepese?"

"Ulusi wake ulipo?"

Anafufuza ndi chala, n'kutola kampukutu kofiira, kakang'ono ngati dzira la njiwa. Anakanunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Aka. Palibe mkazi angagule aka, kakununkha doko. Ukufuna kusokera chipewa chakocho? Chikufunikadi thandizo."

Ndinamupatsa kandalama kamkuwa. Sanatsutse mtengo, ankangondiyang'ana ngati wamisala.

Ndinakatambasula pang'ono m'dzanja. Munalibenso Hudhayl, munalibe madalitso kapena chipambano, ulusi wopotanapotana basi, wosawerengeka m'chinenero chilichonse chimene ndimadziwa. Ndinakabweretsa pamphuno. Phula. Sindinadziwe ngati amalume akalandira kapena akandiponyera kumaso, ndipo mkwiyo wanga sunatsike ngakhale pang'ono. Ndinavula chipewa, ndinaikamo kaulusiko kuti mphepo ya kunyanja isakaulutse, n'kutsika nako phiri kupita kunyumba.